Disiki ya seva ikadzaza, tiyambe tafufuza tisanafufute

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yathu ino pa nkhani imene ambiri angaione ngati ya akatswiri a makompyuta okhaokha, chikhalirecho mavuto ake amagwera aliyense amene anaimapo pamzere n'kuuzidwa kuti makina sakugwira ntchito, abwerenso mawa. Ndakhala ndikusamalira maseva, makompyuta amene amasunga deta ndi kutumikira makompyuta ena, kwa zaka zingapo tsopano, ndipo pa zonse zimene zinandidzutsapo pakati pa usiku, chimene chabwerezabwereza kuposa zina si akuba a pa intaneti kapena chipangizo chopsa ayi, koma kudzaza kwa disiki, chipangizo chosungira mafayilo. Ndikulembera makamaka anzanga amene angoyamba kumene ntchitoyi, chifukwa ndimaona kuti seva ikangolira kuti malo atha, iwo amathamangira chimodzi mwa zinthu ziwiri: kufufuta fayilo iliyonse yooneka yaikulu, kapena kukagogoda kwa bwana kuti pagulidwe disiki ina. Zonse ziwirizi amazichita asanadziwe chimene chadya malowo, pomwe kufufuza sikutenga nthawi yaitali, ndipo zida zake zambiri zili kale m'seva momwemo.

Wina asaganize kuti vutoli limagwera mabungwe ang'onoang'ono okha. Pa 29 Ogasiti 2023 kampani ya Toyota inaimitsa mafakitale ake onse 14 opangira magalimoto m'dziko la Japan, chifukwa makina oitanitsira zipangizo analeka kugwira ntchito. Patapita masiku ochepa kampaniyo inalengeza yokha kuti sikunali kuthyoleredwa ndi akuba, koma kuti pa ntchito yokonza database (nkhokwe ya deta) imene inachitika pa 27 mwezi womwewo malo anaperewera pa disiki, ndipo makina amene anayenera kulowa m'malo nawonso anagwa m'mbuna yomweyo popeza anali pa dongosolo limodzi. Ngati kampani ya msinkhu umenewo inaima chifukwa cha disiki, ife enafe tilibe chifukwa chochitira manyazi zikatigwera, komanso sitiyenera kuzitenga mopepuka.

Ndikamba kwambiri za maseva oyendera Linux, dongosolo loyendetsa kompyuta, popeza ndiwo ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Pali malamulo awiri akalekale amene munthu amalembera kompyuta, df ndi du, amene analipo kale mu 1971 m'buku loyamba la malangizo a Unix, dongosolo limene Linux inatengera, ndipo mpaka lero ndi pamene munthu amayambira. Ambiri amawatenga ngati mapasa, koma ntchito zawo n'zosiyana, ndipo pa kusiyana kumeneku ndi pamene pagona nkhani yonseyi. Lamulo la df silitsegula foda ina iliyonse; limangofunsa dongosolo losunga mafayilo kuti m'kaundula wake malo ogwiritsidwa ntchito ndi ochuluka bwanji ndipo otsala ndi ochuluka bwanji, n'chifukwa chake limayankha nthawi yomweyo. Lamulo la du limayenda foda ndi foda, n'kumayeza fayilo iliyonse imene laipeza ndi dzina, kenako n'kuwonkhetsa zonse. N'chifukwa chake limachedwa, ndiponso chilichonse chimene chilibe dzina, kapena chimene silikuloledwa kuchiona, sichilowa m'chiwerengero chake.

Choyamba kuchita ndi kulemba df -h kuti mudziwe chigawo cha disiki chimene chadzaza, chifukwa seva imodzi ikhoza kukhala ndi zigawo zingapo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu akutha ola lathunthu akuyeretsa /home pomwe chimene chadzaza ndi /var. Mukadziwa chigawocho, lembani du -xh --max-depth=1 /var | sort -h muli ndi mphamvu za root, akaunti ya woyang'anira wamkulu. Mzere umenewu umaonetsa kukula kwa foda iliyonse ya pamwamba, zazing'ono poyamba ndipo yaikulu kwambiri kumapeto. Lowani m'yaikuluyo, bwerezani lamulo lomwelo, ndipo mukatsika katatu kapena kanayi mudzakhala mutafika pa mwini nkhani. Chilembo cha x m'lamuloli ambiri amachiiwala, komabe ndi chimene chimauza du kuti isawolokere ku zigawo zina kapena ku madisiki a pa netiweki amene alumikizidwa pamenepo. Popanda icho mudzadikira nthawi yaitali kuti mulandire chiwerengero chosakanikirana. Amene amatopa ndi kulembalemba akhoza kugwiritsa ntchito pulogalamu ya ncdu, imene imachita zomwezi koma munthu n'kumangoyenda ndi mabatani a mivi. Langizo langa n'lakuti muiike m'seva lero zinthu zili bwino, chifukwa pa disiki yodzaza kale ngakhale kapulogalamu kakang'ono kamakana kulowa. Ngati mukungofuna mafayilo akuluakulu okha, find /var -xdev -type f -size +1G idzakutchulirani onse opitirira 1 GB.

Nthawi zambiri kufufuza kumathera pomwepa. Koma pamene df ikunena kuti chigawo chadzaza, du n'kumanena kuti mafayilo onse pamodzi sakufika ngakhale theka, ndi pamene munthu amayamba kutuluka thukuta, ndipo ine zinandichitikirapo ndili wongoyamba kumene. Pamalo ena amene ndinkagwira ntchito, seva inadzaza madzulo anthu ataweruka. Ndinapeza fayilo ya log, mmene pulogalamu imalembamo zimene ikuchita, imene inali itatupa kufika pafupifupi 40 GB, ndinaifufuta ndi rm mosaganiza kawiri, ndipo ndinauza wondiyang'anira kuti vuto latha. Nditalembanso df, chiwerengero chinali chikadali pa 100 peresenti. Ndinayang'ana m'fodamo, fayilo munalibe. Ndinayendetsa du, nayo inavomereza kuti mulibe. Mwamantha ndinayamba kufufuta tinthu tina tating'onoting'ono timene sitinalakwe kanthu, ndipo timalo timene ndinkapezato tinkathanso m'mphindi zochepa, ngati pali wina amene akumwa madzi m'chitsime ine ndikuthiramo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pa Linux ndi pa makina onse a mtundu wa Unix, dzina la fayilo ndi fayilo yeniyeniyo ndi zinthu ziwiri. Fayilo iliyonse ili ndi kakaundula kake kotchedwa inode, kamene kamasunga kukula kwake, mwini wake ndiponso malo a pa disiki pamene zamkati mwake zagona, ndipo dzina limene timaliona m'foda limangoloza ku inode imeneyo. Lamulo la rm limachotsa dzinalo basi. Malo a pa disiki amabwezedwa pokhapokha mayina onse oloza ku fayiloyo atachotsedwa, komanso pulogalamu iliyonse imene inaitsegula itaitseka. Pa seva yanga ija, pulogalamu imene inkalemba log inali ikuyendabe, fayilo ili chitsegulire m'manja mwake, ndipo inkapitiriza kulembamo osadziwa kuti dzina lapita. Du sinaione chifukwa inalibenso dzina, pamene df inkaiwerenga chifukwa malo ake anali asanabwezedwe. Zida zonse ziwiri zinkanena zoona, wosamva ndinali ine.

Lamulo limene likanandipulumutsa usiku umenewo ndi lsof +L1, limene limatchula mafayilo onse amene ali otsegula koma alibenso dzina, pamodzi ndi kukula kwake ndi nambala ya pulogalamu imene yawagwira. Mukaipeza pulogalamuyo, njira yoyera ndi kuiyambitsanso, ndipo malo onse amabwerera pa kanthawi komweko. Ngati ndi pulogalamu imene singaimitsidwe anthu akuigwiritsa ntchito, fayiloyo imafikirikabe kudzera m'foda ya /proc, pansi pa nambala ya pulogalamuyo, m'kafoda kotchedwa fd, ndipo mukhoza kuikhuthula kuchokera kumeneko ndi lamulo la truncate -s 0. Ndinene modutsa kuti khomo lomweli lapulumutsapo anthu amene anafufuta fayilo yofunika mwangozi: malinga ngati pulogalamu ikadaigwira, imakopereka kuchokera ku /proc n'kubwerera yonse. Kuyambira tsiku limenelo sindifufutanso log ya pulogalamu imene ikuyenda. Ndimayamba ndawerenga mizere yake yomalizira ndi tail, ndipo ngati n'kofunikadi ndimaikhuthula, dzina lake n'kulisiya pomwepo.

Kuwerenga mizere yomalizirayi si mwambo chabe. Log imene yafika 40 GB pa masiku ochepa ikufuula kuti china chake chalakwika, ndipo kawirikawiri mumapeza mzere umodzi womwewo utabwerezedwa kambirimbiri: pulogalamu ikulephera kulumikizana ndi database, kapena wina anayatsa debug, imene imachititsa pulogalamu kulemba chilichonse mwatsatanetsatane, pofufuza vuto lina miyezi yapitayo n'kuiwala kuzimitsa. Amene wafufuta log yotere osaiwerenga wang'amba kalata imene imamuuza kumene kuli matenda, ndipo sabata yamawa disiki idzadzazanso.

Pali chinthu china chimene chimasiyanitsa df ndi du, ndipo ichi chimapusitsa ngakhale anthu okhwima pa ntchito. Tiyerekeze kuti seva ili ndi foda ya /backup imene pamalumikizidwa disiki yapadera, ndipo usiku uliwonse makina amakoperako deta. Tsiku lina seva yazima n'kuyakanso, disiki yapadera ija yalephera kulumikizika, koma foda ya /backup ilipobe ngati foda wamba pa disiki yaikulu. Pulogalamu yokopera siifunsa mafunso, imangothira zonse m'fodamo usiku ndi usiku. Wina akazindikira n'kulumikizanso disiki ija, mafayilo amene analembedwa masiku aja amatsala pansi, ataphimbidwa ngati ndi chivindikiro, akudyabe malo koma osaoneka kwa du kapena kwa ls. Kuti muwaone popanda kuchotsa disiki, lembani mount --bind / /mnt, kenako muyendetse du m'kati mwa /mnt, chifukwa kumeneko chigawo chachikulu chimaoneka chokha popanda zovindikira. Pa maseva ogwiritsa ntchito dongosolo losunga mafayilo la ZFS kapena la Btrfs, malo akhozanso kugwidwa ndi ma snapshot, amene amasunga mafayilo monga analili tsiku lakale. Mukhoza kufufuta zambiri osapindula kanthu mpaka snapshot imene ikuwasungayo itachotsedwa, ndipo pa ZFS lamulo la zfs list -o space limaonetsa poyera gawo limene ma snapshot atenga.

Ziwerengero zina zimene zimaoneka ngati zasowa sizinasowe konse. Dongosolo losunga mafayilo la ext4, likapangidwa popanda kusintha kanthu, limapatulira root 5 peresenti ya chigawo, cholinga chake n'chakuti woyang'anira athe kulowa ndi kukonza zinthu anthu ena onse atakanizidwa kulemba. Pa disiki ya 1 TB amenewo ndi malo okwana pafupifupi 50 GB, ndipo pa chigawo chongosungira deta akhoza kuchepetsedwa ndi tune2fs -m 1, ngakhale pa chigawo chachikulu cha seva ine ndimawasiya momwemo. Komanso opanga madisiki amawerengera m'ma 1000 pomwe zida zambiri za pa kompyuta zimawerengera m'ma 1024, moti disiki yolembedwa 1 TB imaoneka ngati ya 931 GB. Palibe amene waba kanthu pamenepa.

Tsono pali mtundu wina wa kudzaza umene ndi wosiyaniranatu ndi yonseyi. Seva imakana kulemba, imati "No space left on device", kutanthauza kuti malo atha, koma df -h ikuonetsa kuti theka la disiki lili mbee. Apa chimene chatha si malo koma ma inode aja. Pa ext4 chiwerengero chawo chimakhazikitsidwa tsiku limene chigawo chikupangidwa, kawirikawiri inode imodzi pa mabayiti 16384 aliwonse, kutanthauza kuti chigawo cha 100 GB chimakhala ndi ma inode opitirira 6 miliyoni. Amaoneka ochuluka, koma fayilo iliyonse, ngakhale yopanda kanthu m'kati, imatenga imodzi. Pulogalamu ya pa webusaiti imene imapanga kafayilo ka session, kokumbukira mlendo, pa mlendo aliyense popanda woyeretsa, kapena makalata a pa makina amene aunjikana m'foda ya /var/spool chifukwa akulephera kutuluka, zikhoza kumaliza ma inode onse m'miyezi yochepa. Lamulo la df -i limaonetsa vutoli nthawi yomweyo, ndipo du --inodes imakulozerani foda imene muli chinamtindi cha timafayiloto. Amene akusakasaka fayilo yaikulu pa vuto lotere akhoza kuchezera usiku wonse osaipeza, chifukwa kulibe.

Nkhani ya kuchuluka kwa mafayiloyi inafika ngakhale ku Mars. Mu Januwale 2004, patangopita milungu yosakwana itatu chitsikireni, galimoto yofufuzira ya NASA yotchedwa Spirit inaleka kuyankha bwino ndipo inayamba kumangozima n'kuyakanso yokha. Akatswiri atafufuza anapeza kuti m'chosungira chake munaunjikana mafayilo ochuluka kwambiri, ena otsalira a paulendo wochokera kuno, moti kaundula wa mafayilowo anamaliza memory imene makinawo ankagwirira ntchito. Anaichiritsa ali kuno padziko pochotsa mafayilowo ndi kukonzanso chosungiracho. Sikunali kutha kwa ma inode monga timakudziwira pa ext4, koma mtundu wa vutolo ndi womwewo: chowerengedwa chinali kuchuluka kwa mafayilo, osati kulemera kwawo.

Tsopano tinene kuti chodya malo chapezeka. Apa ndi pamene ndikupempha anzanga kuti adekhe kwambiri, pakuti madzi akatayika sawoleka, ndipo pa seva palibe bini yoti munthu akatolemo chimene wafufuta ndi rm. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti fayiloyi ndi ya pulogalamu iti, ndipo pulogalamuyo ili ndi njira yakeyake yoyeretsera kapena ayi. Chitsanzo chimene ndimakonda kupereka ndi cha PostgreSQL. Kwa zaka zambiri database imeneyi inali ndi foda yotchedwa pg_xlog, imene imasunga ndondomeko ya zosintha zonse kuti deta ithe kubwezeretsedwa makina akazima mwadzidzidzi. Chifukwa dzinalo linali ndi mawu akuti log, oyang'anira maseva ena ankaliona disiki itadzaza n'kuganiza kuti ndi zolemba wamba zotayika, ndipo akafufuta database yonse inkawonongeka. Zinafika poti mu 2017, potulutsa PostgreSQL 10, olemba pulogalamuyi anasintha dzina la fodayo kukhala pg_wal, ndipo inzake pg_clog inakhala pg_xact. Foda imeneyi ikatupa pamakhala chifukwa, mwina seva inzake imene imakopera deta yaleka kulandira ndipo database ikuisungira zonse mokhulupirika, mwina ntchito yosamutsa mafayilowo ikulephera. Chofunika kukonza ndi chifukwacho, ndipo fodayo imaphwa yokha.

N'chimodzimodzi ndi database ina ya MySQL, imene kuyambira mtundu wa 8.0 imasunga ma binary log, mafayilo olemba zosintha zonse, kwa masiku 30 ngati palibe amene wasintha; njira yoyenera yowachepetsera ndi lamulo la PURGE BINARY LOGS m'kati mwa database momwemo, chifukwa ilo limakonzanso kaundula wa mafayilowo, zimene rm singachite. Dziwaninso kuti kufufuta mizere m'tebulo la database sikuchepetsa fayilo yake pa disiki nthawi yomweyo, malowo amangosungidwa kuti adzalembedwemo zina. Ndipo lamulo ngati VACUUM FULL la PostgreSQL, limene limabwezadi malo, limayamba lalemba tebulo lonse mwatsopano pambali lisanachotse lakale. Kuyeretsa nakonso kumafuna malo, ndipo amene wadikira mpaka 99 peresenti amapeza kuti tsache lilipo koma poimirira posesa palibe.

Za mapulogalamu ena ndingodutsamo. Zolemba za systemd, pulogalamu yoyang'anira mapulogalamu ena pa Linux, zimayezedwa ndi journalctl --disk-usage ndipo zimachepetsedwa ndi journalctl --vacuum-size=500M; mwachibadwa zimaloledwa kufika 10 peresenti ya chigawo koma osapitirira 4 GB, choncho si kawirikawiri kuti zikhale zolakwa zenizeni ngakhale zimanamiziridwa. Pa mitundu ya Linux ya Debian ndi Ubuntu mapaketi a mapulogalamu otsitsidwa amatsalira mu /var/cache/apt/archives ndipo apt clean imawachotsa popanda choopsa, pamene makope akale a kernel, mtima wa Linux, amadzaza kachigawo kakang'ono ka /boot. Docker, pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ena m'timabokosi totchedwa container, ndiye ndimamukayikira msanga ndikangoona /var/lib/docker ili pamwamba pa mndandanda, chifukwa log ya container iliyonse, ngati simunaiikire malire ndi max-size, imakula mpaka kalekale. Lamulo la docker system df limaonetsa mmene malo agawikira, koma docker system prune muziliwerenga kawiri musanavomere, makamaka mukawonjezerapo --volumes, pakuti m'ma volume ndi mmene mumakhala deta ya anthu.

Oyang'anira maseva a Windows asaone ngati ndawaiwala, mfundo yake ndi imodzimodzi ngakhale zida n'zina. Pulogalamu ngati WinDirStat imajambula disiki yonse munthu n'kuona ndi maso pamene patupa. Foda ya WinSxS imaoneka yaikulu kuposa mmene ilili chifukwa mafayilo ake ambiri ndi amodzimodzi ndi amene ali m'mafoda ena a Windows, angokhala ndi mayina awiri, ndipo kuifufuta pamanja ndi kuwononga seva. Kukula kwake kwenikweni kumaoneka ndi chida cha DISM. Malo amene agwidwa ndi makope obisika a disiki amaoneka ndi vssadmin list shadowstorage, ndipo zolemba za IIS, pulogalamu yoyendetsa mawebusaiti, zimaunjikana m'foda ya inetpub tsiku ndi tsiku popanda wozichotsa mpaka munthu atakonza yekha dongosolo loyeretsa.

Chimene ndinachedwa kuphunzira kuposa zonsezi n'chakuti fayilo yaikulu kwambiri si nthawi zonse imene yadzazitsa disiki. Pakhoza kukhala foda ya 200 GB imene yakhala choncho zaka ziwiri osasuntha, ndipo pambali pake pali ina ya 30 GB imene sabata yatha inali ya 2 GB. Maso amathamangira yoyambayo, koma wolakwa ndi wachiwiriyu. Funso lothandiza si lakuti chachikulu n'chiti, koma chimene chikukula n'chiti, ndipo chinayamba liti. Lamulo la find likawonjezeredwa -mtime -1 limatchula mafayilo okhawo amene asinthidwa m'maola 24 apitawa, ndipo limeneli lokha landifupikitsirapo kufufuza kambirimbiri. Choposa pamenepo ndi kukonza kuti usiku uliwonse seva izilemba yokha zotsatira za df ndi du m'kafayilo kokhala ndi deti. Ndi ntchito ya mzere umodzi mu cron, chida choyendetsa malamulo pa nthawi yoikika, koma tsiku la vuto mumangoyerekeza za lero ndi za sabata yatha, ndipo foda imene yasintha imadzionetsa yokha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa woyang'anira seva kumayamba miyezi ingapo vuto lisanafike.

Sindikunena kuti kugula disiki yaikulu n'kulakwa nthawi zonse. A Toyota aja anayambiranso ntchito atasamutsira deta yawo ku seva ya malo ochuluka, ndipo bungwe limene ntchito zake zikukula deta yake iyeneranso kukula. Chimene ndikutsutsa ndi kugula musanayeze. Ngati disiki ikudzaza chifukwa makasitomala achuluka, ziwerengero za miyezi isanu ndi umodzi zidzaonetsa mzere wokwera pang'onopang'ono, ndipo mukhoza kuuza bwana mwezi umene malo adzathe, iye n'kukonzekera ndalama nthawi ilipo. Koma ngati ikudzaza chifukwa logrotate, chida chochotsa ma log akale, sinakonzedwe pa pulogalamu ina, kapena chifukwa backup (kope la deta) iliyonse imasungidwa osachotsa yakale, disiki yatsopano idzangochedwetsa tsiku la vuto, ndipo podzafika tsikulo mulu woti mufufuzemo udzakhala waukulu kawiri.

Kwa akuluakulu a mabungwe amene amawerenga nyuzipepala ino, pempho langa n'lakuti wantchito wanu akakuuzani kuti akufuna mphindi makumi awiri kuti adziwe chimene chachitika asanakhudze kanthu, musamuime pamsana. Zambiri zimene zinafufutidwa molakwika zimene ine ndinaziona zinafufutidwa ndi munthu amene foni yake inkalira mphindi iliyonse. Mufunseninso ngati seva ili ndi chenjezo limene limatumiza uthenga disiki ikafika 80 peresenti, ndiponso ngati chenjezolo limayang'ana ma inode, chifukwa ambiri amaika la malo lokha. Pa disiki yaikulu kwambiri peresenti yokha imanamiza, popeza 10 peresenti ya 10 TB ndi malo okwana 1 TB, pamene pa kachigawo ka 20 GB ndi 2 GB yokha imene log yolusa ingaimalize usiku umodzi. Chenjezo labwino ndi limene limaonanso liwiro limene malo akuthera.

Pomaliza ndisiyire anzanga kanjira kamodzi kamene ena amakaseka koma ine kanandithandizapo. Pa seva iliyonse yofunika ndimasiya fayilo yopanda ntchito ya 2 GB, yopangidwa ndi fallocate -l 2G, yokhala ndi dzina lonena poyera kuti ikhoza kufufutidwa pa nthawi ya ngozi. Palibe pulogalamu imene imaitsegula, choncho ikafufutidwa malo ake amabwerera nthawi yomweyo. Disiki ikadzaza ndimachotsa imeneyo, database imayambanso kulemba, anthu amapitiriza ntchito, ndipo ine ndimapeza mpata woyendetsa df, du ndi lsof mtima uli m'malo. Vuto likakonzedwa ndimaipanganso fayiloyo tsiku lomwelo ndisanatseke kompyuta.

Zikomo, Akonzi, pondipatsa danga.

Ine wowerenga wanu,
Wosamalira maseva